Mchere umenewu ukubisala kuti?

Tsiku limene anamwino anatiuza kuti BP ya bambo a kunyumba yakwera, ndinangofika n'kuchotsa kambale ka mchere patebulo. M'ndiwo ndinayamba kuthira kongotsina. Ana anadandaula kuti nyemba zikuzizira, koma ndinalimba mtima. Patatha miyezi iwiri tinapita kukayezetsanso, ndipo manambala anali pafupifupi omwe aja. Anamwino anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mayi, nanga masana kuntchito abambowa amadya chiyani?" Ndinayankha mosakayika kuti buledi masilayisi anayi, majarini pang'ono ndi poloni pakati, ndipo ndimawakonzera ndekha m'mawa uliwonse. Iwo anangoti, "Mchere wanu uli m'menemo."

Kuyambira tsiku limenelo mafunso sakundichoka m'mutu, ndipo ena ndi achibwana ndithu, koma ndiwafunsabe.

Kodi mchere umachuluka bwanji m'chinthu chimene sichiwawa mchere? Ndiwo ukathira mchere wambiri, aliyense amadziwa pa mbamu yoyamba. Poloni ndakhala ndikuidula zaka zambiri, ndimailawa, ndipo lilime langa silinandichenjezepo. Nditatembenuza paketi kuti ndiwerenge timalemba takumbuyo, mawu oti mchere sindinawapeze msanga. Ndinapeza oti sodiyamu, mamiligalamu 900 pa magalamu 100 alionse. Mwana wanga wa Fomu 3 ndi amene anandimasulira kuti sodiyamu ndi mbali ya mchere imene imakweza BP, ndipo ukafuna kudziwa mchere weniweni umachulukitsa nambalayo ndi 2.5. Nanga n'chifukwa chiyani salemba mawu amene ife ogula timawadziwa? Ine kumsika sindinagulepo sodiyamu.

Tinakhala pansi ndi pensulo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, kutanthauza kasipuni ka tiyi kamodzi kosadzaza, kapena mamiligalamu 2,000 a sodiyamu. Poloni imene ndinkaika pabuledi inkakwana magalamu 60, ndiye kuti mamiligalamu 540. Masilayisi anayi aja anali ndi pafupifupi 600. Majarini tisanawerengere n'komwe, theka la mlingo wa tsiku lonse linali litadutsa kale, nsima yamadzulo isanaphikidwe. Ndinakhala kaye chete. Kodi miyezi iwiri yonseyi ndinkamana ana mchere m'nyemba pamene wochulukawo ndinkaulongedza ndekha m'kamba wa kuntchito?

Ndinafunsanso kuti opangawo amathiriranji wambiri chonchi. Yankho lake ndinalimva, chifukwa agogo anga ankafutsa nyama: ankailenza, kuiwaza mchere n'kuiyanika pamoto kuti isawole. Mchere umayamwa madzi, ndipo tizilombo towoletsa nyama sitichulukana. M'poloni, m'soseji ndi m'nyama zina zokonzeratu, mcherewo umathandizanso kuti nyama yogayayo igwirane n'kumadulika bwino, ndipo muli mankhwala ena otchedwa sodium nitrite amene amachititsa kuti ioneke yofiirira. Koma nyama yofutsa ya agogo tinkadya mwa apo ndi apo, kachidutswa kamodzi pa nsima yambiri. Ife tinayamba liti kudya nyama yosungidwa ndi mchere masiku asanu pa sabata?

Alongo anga amene amakhala ku Johannesburg anandiuza kuti kumeneko boma linaika lamulo mu 2013 lochepetsa mchere m'zakudya za m'mafakitale monga buledi, majarini, supu wa m'mapaketi ndi nyama zokonzeratu. Linayamba kugwira ntchito mu 2016, ndipo mu 2019 analikhwimitsa, moti buledi sayenera kupitirira mamiligalamu 380 a sodiyamu pa magalamu 100. Anthu akugulabe buledi. Apa ndiye mutu wanga umaima: ngati zinatheka kuchepetsa, buledi n'kumafufumabe, mchere wowonjezera uja unali wa chiyani? Kuno kwathu kafukufuku wa 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Kodi angati mwa iwo achotsa kambale ka mchere patebulo ngati ine n'kumaganiza kuti athana nazo?

Funso lovuta linali lakuti ndiikemo chiyani tsopano. Poloni ndi yotchipa, sifuna moto, ndipo m'mawa wothamanga imakupulumutsa. Ndinayamba ndi dzira lowiritsa. Dzira limodzi lili ndi sodiyamu wa mamiligalamu pafupifupi 70, ndipo nditalinyenya ndi tomato ndi anyezi, bambo sanadandaule. Nkhuku yaiwisi nayo ili ndi sodiyamu wochepa kwambiri, choncho Lamlungu tikaphika ndimapatula chidali, kuchiwotcha ndi adyo, ndimu ndi tsabola wa kambuzi pang'ono, n'kuchidula mopyapyala. Koma nyama yopanda mchere wambiri sichedwa kuwonongeka. M'furiji imakhala masiku atatu kapena anayi, ndipo magetsi akazima tsiku lonse mtima umakhala m'mwamba. Pamenepo ndinazindikira ntchito imene mchere uja unkagwira m'malo mwa furiji.

Masiku ena ndimapaka peyala, nyengo yake ikakhala, n'kufinyira ndimu. Masiku ena chiponde chosinja ndekha, chopanda mchere, ndi nthochi yodula. Chimene chinandidabwitsa ndi nyemba. Ndinaphika chipere cholimba, n'kuchipaka pabuledi chitazizira, ndipo bambo anabwerako n'kufunsa ngati chatsalako. Mayi anga ankaphika chipere ndili mwana, ndipo sindinaganizepo kuti chingalowe pakati pa masilayisi awiri. Chifukwa chiyani ndinkaona ngati pabuledi payenera kukhala chinthu chochokera m'paketi basi?

Zina zinandipusitsa. Ndinagula nsomba za m'chitini poganiza kuti nsomba ndi nsomba, koma kumbuyo kwa chitini kunalinso sodiyamu wambiri. Nyama ya soya yothira kale zokometsera, chimodzimodzi. Timibulu tija tokometsera ndiwo, mchere ndiye wochuluka kwambiri. Mnansi wanga wochokera ku Chipata anandiuza kuti ndiyese chikanda, chimene kumpoto amati chinaka, poti ena amachitcha poloni yachikuda. Ndinakondwa, mpaka atandiuza kuti pophika amathira mchere ndi soda. Mwana wanga uja anati soda wa m'sitolo nayenso ndi sodiyamu. Ndiye kuti ndi therere lomwe ndiyenera kuliyang'ana kawiri? Mchere wina wa m'sitolo wolembedwa kuti uli ndi sodiyamu wochepa, anamwino anati tisaugule tisanawafunse, chifukwa uli ndi potaziyamu amene angavulaze munthu wa vuto la impso kapena womwa mankhwala ena a BP.

Ndinali ndi nkhawa inanso. Tinakula tikuuzidwa kuti tizidya mchere wa ayodini kuti tipewe chithokomiro. Tikachepetsa mchere, chithokomiro sichibwerera? Anamwino anati ayodini amene thupi limafuna ndi wochepa, ndipo chofunika n'chakuti mchere pang'ono umene tikuthirawo ukhale wa ayodini. Anatinso lilime limazolowera pakapita masabata angapo. Izi ndaziona ndekha: tsiku lina ndinalawa poloni kwa anzanga, ndipo kwa nthawi yoyamba inandiwawa mchere.

Latsala funso la buledi mwiniwakeyo. Ngakhale nditaikamo dzira kapena chipere, masilayisi anayi aja akubwerabe ndi mamiligalamu 600 awo. Mbatata yophika ili ndi sodiyamu wochepa zedi, chinangwa chimodzimodzi, ndipo zonse zimakhutitsa kuposa buledi. Dzulo ndinawafunsa bambo kuti, "Bwanji Lachitatu ndikulongedzereni mbatata ndi mtedza wokazinga?" Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Anzanga kuofesi aziti chiyani?" Sindinawayankhe, chifukwa nanenso ndikudzifunsa kuti anzawowo BP yawo anayezetsa liti.