Mbalame Ikakhala Pauta

Akuluakulu anati mbalame ikakhala pauta siilasika. Ankanena za milandu: wolakwa akakhala m'bale wako, chigamulo chimakakamira pakhosi. Mauta anatha, koma mwambiwu sunakalambe. Unangosamukira ku kamera.

Ojambula mbalame za m'madzi amanyamula malenzi aatali, a mamilimita 500 kapena 600, ndipo ambiri mwa malenzi amenewa saona bwino chinthu chimene chayandikira kuposa mamita 3 kapena 4. Ndiye munthu walipira boti ku Liwonde, wakhala m'mawa wonse akusuzumira kutsidya kwa Shire, kenako kakowa n'kudzatera panthiti ya boti lomwelo. Kamera ya ndalama zankhaninkhani imangolira, kufunafuna poyang'ana osapapeza, mpaka mbalame kuuluka. Amene amabwerako ndi chithunzi ndi mnyamata wopalasa, wa kafoni kosweka galasi.

Koma pamene mwambiwu umaluma kwenikweni ndi pakhonde, amalume akabwera kuchokera ku Cape Maclear ndi kamera imene anagula atalandira za penshoni. Kumeneko eni maboti amaimba likhweru n'kuponya nsomba m'madzi, nkhwazi n'kutsika mumtengo kudzaiwakha, choncho aliyense amabwerako ndi nkhwazi yake. "Mphwanga, taona iyi," akutero amalume, maso ali pa iwe, osati pachithunzi. Iwe ukuona phiko limodzi lodukira m'mphepete, mlomo wotsala pang'ono kuboola khoma la chithunzi, ndi nyanja yopendekeka. Umayankha bwanji munthu amene anakulipirira fizi ya ku sekondale? "Eee amalume, koma ndiye mwajambulatu!" Sunaname. Ajambuladi.

Akanakhala munthu wapadera ndikanayambira panyanja yopendekekayo. Madzi sadziwa kuima chopendekeka, ndipo diso la munthu aliyense, ngakhale amene sanagwirepo kamera, limazindikira msanga mzere wokumana madzi ndi thambo ukakhota. Nyanja ya Malawi ili ndi potulukira pamodzi pokha, mtsinje wa Shire ku Mangochi. Amalume atsegula pena, pakona ya kumanzere, ndipo madzi onse akutsetserekera kumeneko. Chisoni chake n'chakuti ili ndi vuto losavuta kukonza. Pafupifupi kamera ndi foni iliyonse masiku ano ili ndi timizere tothandiza kuwongola, ndipo ngakhale chithunzi chitajambulidwa kale, chala chimodzi chimachiwongola.

Za kuika mbalame pakatikati, mlandu ndi wa makolo athu alenje. Wolasa amafuna nyama ikhale pamene muvi waloza, ndipo dzanja la mdzukulu wake likuchitabe zomwezo ndi kamera. M'chaka cha 1797 Mngelezi wina wojambula pamanja, John Thomas Smith, analemba za kugawa chithunzi patatu, ndipo mpaka lero ophunzira amauzidwa kuti aike chinthu chofunika pomwe mizereyo yapingasana, osati pakati. Kwa mbalame mfundo yake ndi yapafupi: isiyire malo kumene yaloza mlomo. Nkhwazi youlukira kumanja ikhale chakumanzere, kuti wopenya aone kumene ikupita. Ine lamuloli sindilipembedza. Kakowa ataima m'madzi odekha m'mawa, chithunzithunzi chake chili pansi pake, muikeni pakati penipeni, ndipo Smith akadandaula mumuuze kuti sanafikeko ku Shire.

Chimene chimasiyanitsa kwambiri chithunzi chokoma ndi cha wamba ndi msinkhu wa kamera. Munthu akaimirira pagombe n'kuloza pansi, amajambula msana wa bakha ndi matope. Akatsika mpaka kamera ifanane ndi diso la mbalame, zakumbuyo zimapita kutali n'kusungunuka, madzi apatsogolo amafewa, ndipo mbalameyo imasanduka mnzako amene mukuyang'anizana naye. Diso lake likagwira kakuwala ka dzuwa, basi chithunzi chapuma. N'chifukwa chake aphunzitsi a ntchitoyi amati gona chafufumimba m'mphepete mwa madzi. Malangizo abwino zedi kwa munthu wa ku London, poti mu Thames mulibe ng'ona. M'mbali mwa Shire, wogona chafufumimba pabango amakhala wadziika yekha m'mbale. Kunyanja nako, m'madzi osaya a udzu ndimo mumakhala nkhono za likodzo. Njira ya kuno ndi bwato kapena boti lalifupi: khala pansi penipeni, tsamiritsa lenzi panthiti, uuze wopalasa asiye nkhafi. Msana udzawawa, koma miyendo udzabwera nayo yonse iwiri.

Kumbuyo kwa mbalame nako kumafuna diso. Wojambula akaona tsekwe mtima umathamanga, saonanso bango limene lamera pamutu pa tsekweyo, kapena jumbo yabuluu yokodwa m'gumbwa. Kusuntha phazi limodzi kumanzere kukanachotsa zonsezi. Ndipo nthenga zoyera za kakowa padzuwa la masana zimapserera, kusanduka chigamba choyera chopanda nthenga n'imodzi yomwe. Zimenezi sizikonzeka pakompyuta. Mankhwala ake ndi kulawirira.

Pali matenda ena amene amagwira ogula lenzi yatsopano, ofuna kudzaza chithunzi chonse ndi mutu wa mbalame. Amadzitchinjiriza ndi Robert Capa, amene amatchuka ndi mfundo yakuti chithunzi chikapanda kukoma ndiye kuti sunayandikire mokwanira. Komatu Capa ankajambula nkhondo, ndipo asilikali sauluka ukawayandikira. Taganizani za Nyanja ya Chilwa, imene inakhala malo oyamba m'Malawi kulowa m'kaundula wa madambo wa pangano la Ramsar. Nyanja imeneyi ilibe potulukira, ndi yosaya, ndipo imauma: inauma mu 1995, inaphwanso kwambiri mu 2018. Kumeneko mbalame zimatcheredwa ndiwo, choncho zimadziwa bwino tanthauzo la munthu woyenda chonyang'ama. Munthu avutike ulendo wonsewo kudutsa ku Zomba mpaka ku Kachulu, n'kubwerako ndi mutu wa chipweyo basi? Mutu umenewo akanaupeza padamu lililonse. Cha ku Chilwa n'chakuti mbalamezo zichuluke m'mwamba, pansi pakhale milulu ndi msodzi m'bwato lake, chilumba cha Chisi chili kumbuyo. Chimodzimodzi pachilumba cha Boadzulu: mphipi imodzi ndi mbalame yakuda chabe, koma miyala yoyera mbee ndi zitosi, mphipi zili khathikhathi pamwamba, ndiye chilumbacho. Nthawi zina kukonza chithunzi n'kubwerera m'mbuyo.

Zonsezi n'zosavuta kuziona pachithunzi cha wina. Mbalame imene imakhala pauta osasunthika ndi chithunzi chako chomwe. Ukachiyang'ana umaona kudzuka kwa m'bandakucha, udzudzu umene unakudya, ndalama ya petulo, ndi kugunda kwa mtima pamene nantchengwa anatera. Wopenya wina saona chilichonse mwa zimenezi. Iye akuona mbalame yopanda zikhadabo, poti unazidula, ndi diso lachimbuuzi pomwe mchira uli wooneka bwino. Ena amazisiya zithunzi milungu ingapo osaziona, kuti chikondi chizizire. Ena amachizondotsa chithunzicho, mutu pansi, kuti diso lileke kuona mbalame n'kuyamba kuona kumene kwalemera ndi kumene kwatsala gwa. Zonsezi zimathandiza ndithu.

Koma makolo omwe anapeka mwambiwu anatisiyiranso njira yachidule, ndiyo chisuweni. Amalume sungawauze kuti nyanja yawo yapendekeka, koma mwana wawo ali ndi chilolezo chonse cha mwambo chokunyogodola, ndipo salipiritsa. Mpatse kamera, ukhale chete. Adzayang'ana kamphindi n'kufunsa kuti, "Asuweni, kakowayu miyendo anasiya kuchipatala?" Adzapita pa china: "Nanga uyu mwam'panikiza pakona, walakwanji?" Pofika chithunzi chachisanu udzakhala utadziwa zoyenera kufufuta ndi zoyenera kukajambulanso. Ukatero um'tume kuti mawa, akamamwa tiyi ndi bambo ake, akafunseko mwaulemu kuti phiko lina la nkhwazi lija linatsalira kwa yani.