Ulemu upite kwa shoko yotopa

Pa zinthu zonse zimene zimagwira ntchito usana ndi usiku m'boma la Chitipa, palibe chimene chanyozedwa kuposa shoko yotopa ya njinga yamoto. Makaniko akaiona amapukusa mutu. Wokwera kumbuyo amaitukwana chamumtima kuyambira pa Kapoka mpaka kukafika ku Misuku. Koma alipo anthu amene ayenera kuivulira chipewa, ndiwo anthu aafupi msinkhu, pakuti mwa zitsulo zonse za pa njinga ndi ichi chokha chimene chinamva kulira kwawo n'kuwatsitsira chishalo kuti phazi lifike pansi.

Mlandu wa anthu aafupi ndi wakale, ndipo oimbidwa mlanduwo ali kutali, ku Germany ndi ku Japan. Amisiri a kumeneko akamapanga njinga zikuluzikulu zoyendera maulendo ataliatali, amakhala ngati anagwirizana zoti dziko lonse ndi la anthu amiyendo ya kakowa. Chishalo cha BMW R1200GS chimakhala masentimita 85 mpaka 87 kuchokera pansi. Cha Honda Africa Twin ndi chimodzimodzi, ndipo cha Yamaha Ténéré 700 chimapitirirako pang'ono. Njinga zimene Ewan McGregor ndi Charley Boorman anadutsa nazo m'Malawi muno mu 2007, pa ulendo wawo wochokera ku Scotland kupita ku Cape Town, zinali ndi zishalo za masentimita pafupifupi 90, kulemera kwake kupitirira makilogalamu 250 katundu asanamangidwe. Tsono munthu wamtali mamita 1.6, mwendo wake kuchokera m'mphechepeche kufika pansi supyola kwenikweni masentimita 75. Masamu ake ndi osavuta: pakati pa chidendene chake ndi dziko lapansi pamatsala mpata woti nkhuku n'kudutsapo.

Zimphona zoterezi sizionekaoneka ku Chitipa. Alendo ambiri akalowa pa chipata cha Songwe amangotsetsereka ndi msewu wa M1 kudzera ku Karonga, mtima uli kunyanja. Koma vuto lomwelo linafika kale m'bomali kudzera pa khomo lina. Njinga zimene boma ndi mabungwe amapereka kwa alangizi a zaulimi, a zaumoyo ndi oyendera masukulu, monga Yamaha DT125, AG200 ndi Honda XL, zinapangidwira misewu yoipa, choncho nazo ndi zamiyendo italiitali. Pozigawa safunsa msinkhu. Mayi wamfupi amene wapatsidwa dera la Wenya amalandira njinga yofanana ndi ya mnzake wamtali ngati mlongoti wa mbendera, n'kusainira, n'kuyamba kuphunzira kuima ndi nsonga ya chala chachikulu. Za kabaza, a Lifo, a Sanlg, a King Lion ndi a Boxer, n'zotsikirapo, komabe si onse amene amaponda pansi ndi mapazi onse awiri.

Kunena chilungamo, opanga njingawo ali ndi chifukwa chawo. Kuti tayala lithe kukwera ndi kutsika masentimita 20 likagunda mwala, pamafunika mpata, ndipo mpatawo ndi umene umakankhira chishalo m'mwamba. Chitipa imaufunadi mpata umenewu. Msewu wa tara wa makilomita 101 wochokera ku Karonga, umene unamalizidwa ndi thandizo la dziko la China Malawi atathetsa ubale ndi Taiwan kumapeto kwa 2007, unapeputsa ulendo umene kale unkatha maola ambirimbiri. Koma munthu akangosiya tarayo n'kukhotera ku Misuku, ku Kameme, kapena kulowera kummwera kudzera ku Chisenga m'tsinde mwa mapiri a Mafinga mpaka ku Nthalire, amakumana ndi miyala, mabampu, ngalande zokumbidwa ndi mvula, ndi zitunda zoti munthu akaima, nthaka ya kumanzere ili pafupi pamene ya kumanja ili kuphompho. Wamfupi akatsitsa phazi mbali yolakwika, amayamba kugwa ali chiimire, pang'onopang'ono, ana a sukulu akuonerera.

Apa ndi pamene shoko yotopa imalowa m'bwalo ndi ulemerero wake wonse.

Kutopa kwake sikubwera mwaulesi. M'kati mwa shoko muli antchito awiri. Woyamba ndi sipuling'i, imene imasenza kulemera konse. Wachiwiri ndi oyilo, amene amakakamizidwa kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono kuti sipuling'iyo isamangodumphadumpha ikapanikizidwa. Njinga imene fakitale inailembera anthu awiri, ku Chitipa imanyamula woyendetsa, mayi, mwana kumsana, thumba la chimanga la makilogalamu 50 ndi nkhuku ziwiri. Mawa lake imanyamula khofi wa ku Misuku, mkuja makatoni a sopo ndi mafuta ophikira ochokera kutsidya kwa malire, ku Isongole. Fumbi la m'chilimwe limakanirira pa kachitsulo konyezimira kaja n'kudya labala wotsekera oyilo, oyiloyo n'kuyamba kuchucha. Sipuling'i nayo, itapanikizidwa mpaka kumapeto kambirimbiri, imafupika osabwereranso mwakale. Zikatero njinga imagwada. Chishalo chimatsika masentimita angapo popanda sipanala, popanda lisiti, popanda wina kupempha kuchotseredwa mtengo. Zimene mlendo wa ku Ulaya amalipirira ndalama zankhaninkhani, wakabaza wa pa Lufita amazilandira ngati mphatso ya kupirira.

Ubwino wake suthera pomwepo. Kumbuyo kukatsika, nyali yakutsogolo imadzuka n'kuyamba kuwalitsa nthambi za mitengo ndi maso a oyendetsa ochokera kutsogolo, kusiya maenje a mumsewu mu mdima, kumene sangadetse nkhawa munthu aliyense. Tayala likamakhula madigadi pa bampu iliyonse, njinga imakhala ndi belu lachiwiri lochenjeza mbuzi. Wokwera kumbuyo sangagone ngakhale atachezera pa maliro usiku wonse, chifukwa shoko yopanda oyilo ikagunda dzenje limodzi imavina katatu. Imasamaliranso chuma cha boma lonse: wowotcherera amapeza ntchito felemu ikang'aluka pafupi ndi chonyamulira katundu, wogulitsa matayala amaona kasitomala msanga chifukwa tayala lodumphadumpha limadyeka mwa zigambazigamba, ndipo wogulitsa mankhwala opaka msana sadandaula. Ena amanena kuti pa msewu wamabampu tayala limatha nthawi yambiri lili m'malere, ndiye kuti mabuleki sagwira ndipo pokhota njinga imatsetsereka. N'zoona. Koma ndi chitsulo chiti china chimene chinapatsapo tayala tchuthi?

Tsoka ilo, chabwino chilichonse chili ndi adani ake. Adani a shoko yotopa ndi anthu osayamika amene amafuna kuti njinga itsike koma ikhalebe yomvera, ndipo njira zawo, ngakhale n'zosasangalatsa kuzimva, zimagwira ntchito.

Amayamba ndi kamphete kokhala ndi masitepe kamene kali kumunsi kwa sipuling'i. Pa njinga zambiri za mashoko awiri masitepewo amakhala asanu, ndipo kampheteko amakatembenuza ndi sipanala yangowe, kapena, monga zimakhalira pansi pa mtengo wa mango, ndi sikuludilaiva ndi hamala. Anthu ambiri amakhulupirira kuti akatsitsa sitepe ndiye kuti afewetsa sipuling'i. Ayi ndithu, sipuling'i imakhalabe ndi mphamvu yake yomweyo. Chimene chimasintha ndi pamene njinga ikhazikike munthu akakhalapo. Amisiri odziwa amatenga tepi n'kuyeza kuchokera pa bauti ya tayala lakumbuyo kufika pa malo amodzi a pansi pa chishalo, koyamba tayala litanyamulidwa m'mwamba, kachiwiri mwini njinga atakhalapo ndi katundu amene amayenda naye masiku onse. Kusiyana kwake kuyenera kukhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda wonse umene tayala limatha kuyenda. Ngati limayenda masentimita 20, njinga itsike 6 kapena 7. Apa wamfupi amene alinso wopepuka thupi amapeza mwayi wake woyamba, chifukwa nthawi zambiri njinga imabwera itakungidwira munthu wolemera, ndipo kungobweza kamphete kumampatsa sentimita imodzi kapena awiri. Koma akapyoza muyeso pofuna kuponda pansi, shoko imagunda kumapeto pa dzenje loyamba, msana n'kulandira zotsalazo. Ndipo mashoko awiriwo ayenera kukhala pa sitepe imodzi. Wina akakhala pa yachiwiri mnzake pa yachinayi, njinga imayenda chammbali.

Akatsitsa kumbuyo, anthu amenewa amaumirira kuti kutsogolonso kutsike mofanana, apo ayi chiwongolero chimalemera ndipo njinga imakana kukhota, chinthu chosafunika pa makona a ku Misuku. Amamasula mabauti ogwira mafoloko, n'kukweza mafolokowo kuti atulukire pamwamba sentimita imodzi kapena awiri, mbali zonse ziwiri mofanana, kenako n'kumanga zolimba. Kupyola apo, madigadi amagunda pansi pa nyali, kapena tayala limakhudza injini munthu akamanga mabuleki mwadzidzidzi. Pa njinga zikuluzikulu za shoko imodzi pali tizitsulo tolumikiza shoko ndi mkono wa tayala, ndipo kuikapo ta muyeso wina kumatsitsa chishalo masentimita awiri mpaka anayi. Tizitsulo timeneti timasenza njinga yonse, choncho si ta kusula ndi chitsulo cha zenera.

Mdani woopsa kwambiri, komabe, sagwira n'komwe sipanala. Ndi wosoka mipando ya galimoto ndi masofa. Iye amasenda chikopa cha chishalo, n'kusema siponji ndi mpeni, kuchotsako masentimita awiri kapena atatu pamwamba. Chinsinsi chake chenicheni chili m'mbali: akachepetsa kufutukuka kwa chishalo kutsogolo, pafupi ndi thanki, miyendo imatsika molunjika m'malo motangadza, ndipo phazi limafika pansi ngakhale kutalika kwa njinga sikunasinthe. Shoko osaikhudza, mpata wa pansi pa injini osauchepetsa. Matako okha ndiwo amalipira pa ulendo wa ku Nthalire. Kuonjezerapo nsapato za soli yokhuthala, nkhani yatha, ndipo shoko yotopa yasowa ntchito.

Palinso tizinthu timene otsitsa njinga amaiwala, timene shoko yotopa, mwa ufulu wake, silabadira. Njinga ikafupika, sitandi yam'mbali imatalika, njingayo imaima chilili, ndipo mphepo ya mu Julaye kapena mwana wotsamira amaigwetsera mbali inayo. Sitandiyo iyenera kudulidwa n'kuwotchereredwanso. Tcheni chiyenera kuonedwanso kukungika kwake, nyali iweramitsidwe. Ndipo sentimita iliyonse imene yachoka pa chishalo kudzera ku shoko yachokanso pansi pa injini, kumene miyala ikudikira.

Mbiri ili ndi munthu mmodzi amene ananyoza zonsezi, shoko yotopa ndi adani ake omwe. Gaston Rahier wa ku Belgium anali wamtali mamita 1.64 okha, koma anapambana mpikisano wa Paris-Dakar mu 1984 ndi 1985 pa BMW yaitali yoti iye sankatha kuikwera itaima. Ankailiza ali pambali, n'kuyenda nayo, n'kuponda popondera, n'kudumphira pa chishalo ikuyenda kale. Nzeru yake yaing'ono, yopanda kudumpha, alangizi ambiri aafupi anaitulukira okha m'mapiri muno: mapazi awiri safunika kufika pansi. Munthu amasuntha thako n'kutsetserekera mbali imodzi, phazi limodzi n'kuponda lonse, linalo lili pa buleki, ndipo asanaime amayamba wayang'ana mbali imene nthaka yakwera. Njira imeneyi ndi yaulere ngati shoko yotopa yomwe, kungoti ilibe nyimbo ya madigadi.

Tsiku limafika ndithu loti shoko yotopa ipume. Mwini njinga wagulitsa khofi kapena chimanga, wagula mashoko atsopano onyezimira, makaniko wamanga. "Yesani, bwana, muona kusintha," amatero. Kusinthako kumaonekadi: njinga yadzuka masentimita atatu, ndipo bwana, amene kwa zaka ziwiri anazolowera kuponda pansi ngati mfumu, akafika pa msika amatsitsa phazi n'kupeza mphepo yokhayokha. Akamadzuka n'kumasasa fumbi, mashoko akale aja amakhala atapukutidwa kale ndi chiguduli, atakolekedwa pa msomali pa shedi ya makaniko, ndipo mnyamata wina amene wangoyamba kumene kabaza akufunsa mtengo wake.