Fodya Wapachala wa ku Manchester

Akale ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ankanena za fodya wonunkhiza, koma mwambiwu wawakwana bwino anzathu asayansi.

Mu 2004, pa yunivesite ya Manchester, Andre Geim ndi Konstantin Novoselov anatenga graphite, mtima wakuda uja wa pensulo, n'kumamata ndi kumatula ndi selotepi mpaka anatsala ndi kachinthu kopyapyala kotheratu, kokhuthala ngati atomu imodzi basi. Dzina lake graphene. Mu 2010 analandira nako mphoto ya Nobel. Mwana wa ku Ngabu ataseweretsa selotepi wa ahedi chonchi, mphoto yake n'kukumba dzenje la zinyalala.

Malonjezo ndiye anagwa ngati mvula ya Januwale. Ati n'kolimba kuposa chitsulo, ati mabatire azidzaza usanamalize kusamba m'manja, ati foni tizipinda n'kuika m'thumba. Zonsezo ife a kuchigwa tinangogwedezera mutu. Koma mu 2017 ofufuza a ku Manchester komweko atalengeza kuti sefa ya graphene ikhoza kuchotsa mchere m'madzi, makutu athu anaima. Paja mijigo yambiri ya ku Chikwawa imatulutsa madzi oti mayi akaphikira ndiwo safunikanso kukapempha mchere kwa aneba. Sefayo pamsika wa Nchalo sinafikebe. Ili pachala, chala chakenso cha mwini.

Chodabwitsa n'chakuti graphene ndi makala ndi pachibale: onse ndi carbon, kungoti wina anapita kusukulu. Wosaphunzirayo ndiye fodya wathu wapamphuno. Amakwera njinga pa Thabwa, matumba atatu atatu, ulendo wa ku Blantyre. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ngakhale mabwana a ku Nyambadwe anaphunzira kukupiza mbaula. Vuto n'lakuti fodya ameneyu amayetsemulitsa: mapiri ameteka mpala, ndipo madzi akatsika amagogoda pakhomo pathu pomwe pano.

Graphite nayenso tili naye, ku Kasiya ku Lilongwe, komwe kampani ya Sovereign Metals inamupeza pamodzi ndi miyala ya rutile. Ameneyo ndiye sanafike n'pachala pomwe.

Choncho inu achikulire a ku Manchester, sefa ija ikapsa, bwerani mudzaiyesere pa mjigo wa ku Bangula mu Okutobala. Mutengenso ambulera, dzuwa la kuno limadutsa madigiri 40.