Injiniya wa banja ndi mfuti ya agogo

Kubanja kwathu amanditcha injiniya, chifukwa tsiku lina ndinaukitsa wailesi imene inkangofuna mabatire. Ndiye amalume atatsitsa kudenga mfuti ya gogodera ya malemu agogo, itachita dzimbiri mpaka kufiira, maso onse anagwera pa ine.

Mfuti zamtunduwu, zothira wonga kukamwa n'kusindira ndi kachitsulo, zinachuluka kuno m'zaka za m'ma 1800 ndi amalonda a minyanga ndi akapolo. Amalume amalumbira kuti yathuyi inagwetsapo njovu. Ine ndimaona kuti inkangoopseza anyani kumunda, koma pakamwa ndimatseka, poti mbuzi za amalumewo ndikuziyembekezera.

Chitsulo cha mfutiyo chinagona mu viniga. Kutacha ndinachikwecha ndi sandipepa ndi mchenga wa kudambo mpaka chinawala ngati poto wa mtengwa watsopano. Ndikuyenda nacho pabwalo monyadira, anatulukira aneba athu, msilikali wopuma amene anagwira ntchito ku Cobbe Barracks ku Zomba. Anagwira pakamwa.

"Achimwene, mfutiyi mwaivula zovala."

Kani kuda kwa chitsulo cha mfuti si litsiro ayi. Ndi dzimbiri lakuda limene limateteza chitsulo ku dzimbiri lofiira lija lodya mpaka kuboola. Viniga sasankha, amanyambita lofiira ndi lakuda lomwe. Odziwa ntchitoyi amachotsa thabwa, amawiritsa chitsulo m'madzi kuti lofiira lisanduke lakuda, kenako amapukuta mofatsa ndi sitiliwulu wofewetsetsa, wa nambala 0000, n'kupaka mafuta. Ndipo ogula zinthu zakale akaona mfuti yowala chonchi amabweza chikwama m'thumba.

"Koma munayamba mwaona ngati ilibe wonga?" anafunsanso.

Anati wonga wouma umatha kuphulika ngakhale patapita zaka 100, ndipo alenje ankakonda kupachika mfuti ili yodzaza. Ine m'mawa wonsewo ndinali ndikusuzumira m'mpopemo ndi diso limodzi, kufuna kuona ngati mwayera. Aneba analowetsa kandodo mkati, n'kukayerekeza ndi kutalika kwa kunja. Kanafika mpaka pansi. Munalibe kanthu, koma miyendo yanga inali itakhala kale pansi yokha.

Pochoka anandikumbutsa kuti kusunga mfuti m'dziko muno kumafuna chiphaso cha kupolisi. Amalume atamva za apolisi anati mfutiyo anandipatsa kalekale, ndi yanga.

Amene wapindula ndi mayi a kunyumba. Ati luso langa aliona ndi maso awo, ndipo kuyambira Loweruka lino mapoto onse akuda m'khitchini ndi ntchito ya injiniya.