Tsabola wa abwana apita kusikelo

Johannesburg, Epulo

Alamu,

Ndasankha kulemba chifukwa nkhani iyi ndikati ndiinene pafoni ndiyamba kuseka, bandulo n'kuthera m'njira musanamve mutu wake.

Abwana anga abereka. Musathamange kukalengeza pamsika wa Kaporo, mdalayo adapitirira zaka 70 ndipo mayi a m'nyumba mutu wonse ndi imvi zokhazokha. Mwana ndikunenayu ndi tsabola. Iwo ndi anzawo a mumsewu wathu uno, ambiri opuma pantchito, ali ndi mpikisano chaka ndi chaka wofuna kuona amene walima tsabola wowawa kuposa mnzake. Sagulitsa ayi, ndipo sadyera nsima. Abwana angawo adokotala adawaletsa kalekale chilichonse chowawa. Amangolima kuti akaonetsane, basi.

Pakati padaoneka mu Ogasiti. Kudabwera kaenivelopu ka njere zowerengeka ndi zala, abwana n'kuzitola ndi kopanira ngati anesi. Dzina lake ati Carolina Reaper, wochokera ku America, kwa mkulu wina wotchedwa Ed Currie. Mu 2013 tsabolayu adalowa m'buku la Guinness kuti ndiye wowawa kuposa onse padziko, ndipo mu 2023 mkulu yemweyo adatulutsa mng'ono wake, Pepper X, amene adamulanda mpando. Kuwawako amachita kuyeza, alamu. Muyeso wake adauyambitsa Wilbur Scoville mu 1912. Piripiri uja amatiliza ifeyu safika n'komwe 200,000, pamene mwana wa abwanayu amapitirira 1,600,000. Manambalawa ndawaloweza chifukwa ndimawamva m'mawa uliwonse, monga momwe mayi wa mwana woyamba sakutopera kunena makilo amene adabadwa nawo.

Kenaka chikuta. Njerezo sizidaone dothi la panja. Zidagonekedwa m'kabokosi m'chipinda cha alendo, pansi kamkeka kotenthetsa ndi magetsi, pamwamba nyale yoyaka usana ndi usiku. Magetsi atazima tsiku lina, abwana adachotsa batire ku filiji n'kukalumikiza kwa mwana. Nyama iwole, khanda lisazizidwe. Apa pokha sindiwanena kwambiri, chifukwa chisanu cha kuno inu a ku Karonga simungachimvetse. Mu Juni ndi Julaye madzi amagona m'ndowa n'kudzuka ali mwala, udzu wonse mbuu! Tsabola ukamusiya panja umamupeza wapsa ngati wadutsa moto.

Mu Okutobala tidamutulutsa m'chikuta. Osati kamodzin'kamodzi. Lero ola limodzi padzuwa, mawa awiri, ine ndi mphika m'manja kulowa ndi kutuluka. Ndidalembedwa ntchito yotchetcha kapinga ndi kusesa masamba, koma pano ndine mzamba, mlezi ndiponso mlonda. Mitambo ikangoda chakumadzulo, poti kuno matalala amagwa osapanganika, mumve kukuwa kuchokera pakhonde, ine liwiro ndi neti kukafunditsa mwana. Zovala za mayi zili pachingwe zinyowe, zilibe kanthu.

Loweruka lililonse ndi tsiku la sikelo. Abwana amagwada ndi rula, ine ndagwira kope: msinkhu wakuti, masamba akuti, maluwa akuti. Tsamba limodzi likachita chikasu amalijambula n'kutumizira anzawo, madokotala onse a mumsewu n'kuyamba kupereka maganizo. Phala lake nalo ndi lapadera. Amagula m'botolo madzi a nsomba zowola, ndalama zenizeni, ndiye ine mwana wa m'mbali mwa nyanja ndimayeza ndi kasupuni ndili duu, kukumbukira madzi otsukira usipa amene alongo anu amakhuthula kuseri kwa khitchini. Chimene chidandimaliza n'chakuti zipatso zitayamba kufiira adandiletsa kuthirira. Ati mwana akamva ludzu ndiye amakula ndi ukali. Miyezi yonseyi kumulera ngati wa kwa mfumu Kyungu, mapeto ake n'kumumana madzi kuti akwiye!

Ndidawauza kuti kwathu kambuzi ndi mwana wamasiye. Amamera yekha kuseri kwa bafa, nkhuku zimamupalasa, palibe amamulembera kope, koma amabereka mpaka kutopa. Adandifunsa kuti amadzala ndani, ndidati mbalame. Mdalayo adavomera, nati mbalame sizimva kuwawa kwa tsabola, zimameza n'kukataya njere kutali. Ndiye nanenso ndidali nako kanga kuseri kwa boyisikota, kochokera mu kambuzi wouma amene ndidabwera naye, koleredwa ndi madzi otsukira mbale. Abwana atakaona adati nakonso kalowe mumpikisano.

Tsikulo lidafika mwezi wathawu. Adawotcha nyama, matebulo adayalidwa nsalu zoyera, ana onse atagonekedwa m'timbale, aliyense ndi kapepala ka dzina. Wodula adavala magolovesi. Kunena zoona mwana wa abwana si wokongola: wofiira, wamakwinya, kumapeto kamchira ngati ka chinkhanira. Koma pamaso pa kholo lake ungatero? Ndidangoti wafanana ndi bambo ake, iwo n'kukondwa.

Kulawa kutayamba ndidaona zimene maso anga sadaonepo. Azibambo aulemu wawo, ena adali mamanejala a mabanki, misozi chuchuchu, mamina osapukuta, wina ntchofu, wina akuzungulira mtengo wa mandimu akutukwana m'chi Afrikaans. Madzi sathandiza, amalimbirana mkaka. Ine ndidangokhudzitsa kunsonga kwa lilime, makutu adatseka ndipo ndidaiwala dzina la agogo anga. Padali nkhalamba ina yachipwitikizi, yochokera ku Mozambique, imene idakana kulawa, ikuti tsabola weniweni ndi piripiri, zinazi ndi mankhwala a makoswe. Itamva kuti ndine Mmalawi idandigwira dzanja, ikuti lesitilanti ya Nando's idayambira pa Rosettenville pompano mu 1987 ndipo tsabola wake wina amalima ndi alimi a kwathu. Woweruza wamkulu adali mayi wachimwenye wa ku Durban. Ameneyo adatafuna onse mmodzimmodzi ngati mtedza, osaphethira. Atafika pa kambuzi wanga adanunkhiza kawiri, nati pa ana onsewa uyu yekha ndi amene angamulowetse mumphika mwake. Koma mpikisano ndi wa ukali, choncho wamasiye sadapate kanthu. Wa abwana adakhala wachiwiri. Adapambana ndi a nyumba yoyang'anana nafe, ndipo mphotho yake kachikho kapulasitiki ndi botolo la vinyo. Abwana adakhala masiku osadya bwino, akuwerenga kope la sikelo kuti aone pamene tidalakwitsa kalera.

Kope limenelo lili ndi ine pano, adati ndisunge. Alamu, ndimadziwa msinkhu wa tsabola wa mzungu sabata ndi sabata, koma makilo a mwana wanga sindiwadziwa. Ndidachoka alongo anu ali oyembekezera, lero mwana akuyenda, sindidamunyamulepo. Akuti akaona foni amati adada. Ndidamva kwa anthu ena kuti adagonekedwa kuchipatala ndi malungo, pamene mayi ake pafoni amangoti tonse tili bwino. Ndikudziwa safuna ndide nkhawa, koma kumvera kwa anthu kumapweteka koposa. Inu ndinu mwamuna mnzanga, ndiuzeni zoona. Wachira? Akudya? Neti akugonamo kapena idapita kukakokera usipa?

Ndamvanso kuti mtsinje wa Lufilya udasefukira. Munda wa mpunga uja watsala, kapena mchenga wakwirira? Ndifunse msanga chifukwa kuno chisanu chikalowa kapinga sakula, ndipo maganyu a Lamlungu amene ndimaonjezera nawo amatha mpaka Seputembala. Ndatumiza kangachepe pa Mukuru m'dzina la alongo anu. Ayambe mankhwala ndi chakudya cha mwana, malata adikire. Za kubwera musandifunse kaye. Masiku a m'pasipoti adatha kale, ndipo lamulo la kuno ndi lakuti ukapitiriza masiku 30, potuluka pa Beitbridge amakudinda kuti usabwerenso kwa zaka 5. Ndikafika kumeneko ndiye kuti ntchito yatha. Ndikaona galimoto ya apolisi ndimakhotera njira ina ngati ndaba. Kwa adada anu mukandipepesere, ng'ombe yotsala ya malowolo sindidaiwale. Apirire mpaka mvula yoyamba.

Koma pali kamwayi. Mayi wa ku Durban uja wafalitsa mbiri ya kambuzi mumsewu monse, ndipo nkhalamba zingapo zandifunsa mbande za chaka chamawa, zikuti zilipira. Ndiye mukathyole kambuzi wakupsa bwino kuseri kwa bafa la amayi, muyanike pamthunzi, mumange m'pepala osati m'jumbo, angachite nkhungu. Mupatsire aliyense wokwera basi ya ku Joni mwezi wamawa, ndikamuchingamira ku Park Station. Ngati m'chikwama mwake muli malo, muikemonso Kilombero pang'ono ndi usipa, mpunga wa kuno ulibe fungo. Amayi musawauze kuti azungu akufuna kugula tsabola wawo wa kubafa, angayambe kundiwerengera mtengo.

Mupereke moni kwa onse pakhomo. Ndipo mukapita kwa alongo anu, mutsegule kabuku ka kusikelo ka mwanayo, mujambule tsamba la makilo, munditumizire sabata ino.

Ndine mlamu wanu,
wa ku Joni