Nyanja Yakale Pansi pa Lusaka

Mvula ya mu Januwale ikatsika pa Emmasdale, anthu osadziwana amasanduka anansi. Masana amenewo inatiunjika pakhonde la sitolo ya zitsulo kufupi ndi Great North Road. Panali mayi wootcha chimanga amene anakokera mbaula yake kukhoma, mdala wovala jombo zamphira, ndi mtsikana wokumbatira chikwama cha mabuku. Ngalande inali itasefukira kale, madzi ofiira akuyandamitsa mabotolo ndi zitsononkho, maminibasi akuyenda ngati akuopa kuponda.

"Kuno n'kwabwino, madzi amapita," anatero mayi uja akukupiza makala. "Kwathu ku Kanyama pofika madzulo akhala ali m'nyumba. Ndauza ana akweze matiresi patebulo."

"Amai, ine ndaboola zitsime m'tauni muno mpaka imvi izi," anayankha mdalayo. "Kwanuko pansi ndi mwala, koma mwala wamphako. Mukuboola bwinobwino, fumbi loyera likutuluka, mwadzidzidzi chitsulo chimangomira chokha. Mwapeza phanga. Pena musanapite patali madzi atumphuka kale."

Mtsikana uja anayamba wakhala chete, kenaka anati mwaulemu: "Ba mudala, mwala umenewo unapangikira pansi pa nyanja."

"Nyanja iti mwanawe? Kariba?"

"Yamchere, amai."

Mayiyo anaseka mpaka kugwira mutu. Ndani sakanaseka? Lusaka ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pamene madzi a nyanja yamchere amalekezera, ndipo wofuna kuiona nyanjayo amayenda ulendo wa ku Beira kapena ku Dar es Salaam. Koma mtsikanayo, amene anati amaphunzira za miyala ku School of Mines ya ku UNZA, sanabwerere m'mbuyo.

Anafotokoza kuti zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo dera lino linali pansi pa nyanja yosazama. Matope a laimu ankakhazikika pansi pake pang'onopang'ono mpaka kuuma kukhala thanthwe. Pambuyo pake zigawo za dziko zinakankhana, thanthwelo linapsa ndi kupindika, n'kukwera kumtunda. Akatswiri amalitcha Lusaka Dolomite, ndipo layala kwambiri kummwera ndi kumadzulo kwa mzinda, pansi pa Kanyama, Misisi, Chawama ndi John Laing. Ndi mwala womwewo umene amayi a ku Misisi amaphwanya ndi nyundo m'mbali mwa msewu.

"Nanga mafupa a nsomba ali kuti?" anafunsa mayi uja, maso ali pa iye.

"Nyanjayo inalipo nsomba zisanakhaleko, amai."

Apa mdala anavula chipewa n'kukanda mutu. Chimene chinamugwira si zaka zambirizo ayi, koma pamene mtsikanayo anafika pa mapanga ake aja. Madzi a mvula ali ndi asidi pang'ono. Akalowa m'ming'alu ya mwala wa laimu amausungunula, mng'alu umakula n'kukhala mpita, mpita n'kukhala phanga. Pansi pa mbali yaikulu ya Lusaka pangokhala ngati chulu chobooledwa ndi chiswe. M'dothi lamchenga madzi amasefeka poyenda, koma m'mipita yotere amathamanga osasefeka. Ndiye poti mzindawu ndi wathyathyathya ndipo dothi pamwamba pa thanthwe n'lochepa, mvula ikalimbikira mapangawo amadzaza, madzi apansi amakwera n'kukumana ndi apamwamba.

"Ndiye madzi amene amalowa m'nyumba mwanga ena amachokera pansi?"

"Ambiri ndithu. N'chifukwa chake amakhalitsa ngakhale mvula itakata."

Mayiyo anasiya kukupiza. Anati iye anali kamtsikana pamene Kanyama inamira mu 1978, ndipo kuyambira pamenepo akhala akumva kuti vuto ndi ngalande zotsekeka ndi zinyalala. Ngalande zilidi ndi mbali yake. Ntchito ya madzi, zimbudzi ndi ngalande imene boma la America linathandiza kudzera ku Millennium Challenge Corporation, ya ndalama pafupifupi madola 355 miliyoni, inakonza ngalande yaikulu ya Bombay pakati pa 2013 ndi 2018, ndipo m'malo amene imadutsa madzi amachoka msanga kuposa kale. Koma ngalande imatenga madzi oyenda pamwamba. Otumphuka pansi pa bedi siwathetsa yokha.

Pamenepo nkhani inalowa kumene aliyense pakhondepo ankakudziwa. Mdala analoza ndi chibwano kumpoto, kumene msewu womwewu umakafika ku National Heroes Stadium. Kolera imene inabuka mu Okutobala 2023 inadwalitsa anthu oposa 20,000 m'dziko muno ndi kupha oposa 700. Bwalo la mpira lija linasanduka chipatala, masukulu anachedwa kutsegula mpaka Febuluwale 2024. Mu 2017 ndi 2018 inali itabukanso, mpaka asilikali anachotsa ogulitsa malonda m'misewu. Mayi uja anangoti, "Tinaika mwana wa mchemwali wanga," ndipo palibe anafunsa zambiri.

Njira ya matendawa ili m'mwala muja. Chimbudzi chokumba chimafika pathanthwe, chitsime cha banja lina chimamwa pathanthwe lomwelo, ndipo pakati pake pali mpita wosaoneka. Malangizo amati chitsime chitalikirane ndi chimbudzi mamita 30. Mdala anapukusa mutu: "Pa mapuloti athu ang'onoang'ono mamita 30 muwapeza kuti? Ndipo pamwala wamphako, ngakhale mutawapeza, madzi amadutsa basi." Mtsikanayo anavomereza. Anawonjeza kuti pafupifupi theka la madzi a m'mipope ya Lusaka amachokera m'zitsime zoboola m'mwala womwewu, otsalawo kumtsinje wa Kafue. Ndiye amene amakhala ku Kabulonga kapena ku Woodlands asaganize kuti nkhani ya ku Kanyama siikumukhudza.

Chimene chinandipweteka mtima n'chakuti zonsezi zinafufuzidwa kale. Akatswiri a boma la Zambia pamodzi ndi a bungwe la BGR la ku Germany anajambula mapu osonyeza mbali za Lusaka kumene madzi apansi amaipitsidwa msanga. Kuyambira 2018 malamulo amafuna kuti chitsime choboola chilembetsedwe ku bungwe loyang'anira madzi la WARMA. Nzeru zilipo, zili m'mabuku a Chingerezi ndi m'maofesi. Koma mayi amene wakhala pamwamba pa thanthwelo moyo wake wonse, amene wataya mwana wapachibale chifukwa cha madzi ake, akumva koyamba pakhonde la sitolo, mvula itamutsekereza. Mapu amenewo akuyenera kupachikidwa m'zipatala za m'makomboni ndi m'misika, wina n'kumawafotokoza m'Chinyanja monga anachitira mtsikanayu.

"Manje tichite bwanji?" anafunsa mayiyo.

"Madzi akumwa, kolorini kapena kuwiritsa, makamaka nyengo ino," anatero mtsikanayo. "Zitsime zosazama zija muzisiye."

"Ndipo chimbudzi mumange chokwera," anawonjeza mdala, "dzenje lopaka simenti mkati monse kuti lisadonthe. Likadzaza muitane opopa. Osalitsegulira m'madzi a mvula usiku, monga amachitira ena."

"Simenti mukuidziwa mtengo wake, ba mudala?"

"Ndikuidziwa, amai. Ndipo ya ku Chilanga amaipanga ndi mwala wa laimu wa nyanja yomweyi. Ina inakamanga damu la Kariba."

Mayiyo anatembenuza chimanga chimene chinayamba kupserera. "Eni nyumba ndiwo ayenera kumva izi," anatero. "Ife olipira lendi, pachimbudzi chimodzi tili mabanja asanu ndi limodzi. Mwanawe, Loweruka ubwere ku Kanyama udzawauze wekha. Ine ndikanena ati ndikufuna kuthawa lendi."