Laputopu ikubwera, koma ya mpira mulibe

Mphwanga,

Kuno ku Joni ndili bwino, kungoti kuzizira kwa mu Juni kwaposa chiperoni cha kwathu. Laputopu unkandivutitsira ija ndapatsira transipota pamodzi ndi bulangete la amayi. Ukadikire wekha pa Chitakale Loweruka, usatume mwana.

Ukayatsa usathamangire kunena kuti ndakugulira yakufa. Mulibe Windows, muli Ubuntu. Abwana anga ankafuna kuitaya poti Windows 11 inaikana, ati yakalamba. Mnzanga wokonza mafoni ku Hillbrow anaikamo Ubuntu, gogoyo n'kutaya ndodo. Ndi yaulere, ndipo kukopera mnzako si kuba. Anaiyambitsa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa konkuno, yemwe mu 2002 anakayenda mumlengalenga ndi ndalama za m'thumba mwake. Munthu wotere angaone chiyani m'tikwacha tako? Injini ya Ubuntu ndi Linux, imene Linus Torvalds wa ku Finland anayamba mu 1991.

Tsono za magemu, poti ndikudziwa kuti zoti ukufuna kulembera za kusukulu unangonamiza amayi. Ndakuikira SuperTuxKart, mpikisano wa timagalimoto, dalaivala wake ndi kambalame kokhala ngati bakha wovala suti. Sifuna intaneti. Mulinso 0 A.D., momwe umamanga mudzi, kulima, kenako n'kukathira nkhondo oyandikana nawo. Nkhani za malire a munda uzithera mmenemo.

Magemu akuluakulu ali pa Steam, msika wa magemu wa pa intaneti. Ambiri anapangidwira Windows, koma mu 2018 kampani ya Valve inabweretsa Proton, womasulira amene amaima pakati mpaka gemu n'kumaganiza kuti ili kwawo. Ochuluka amayenda bwinobwino. Koma usatsitse ndi bandulo yako. Ena amaposa magigabaiti 50, ungagulitse mbuzi gemu isanafike theka.

Ya mpira ija, imene mumaitchabe FIFA, iwala. Atsopanowa ali ndi mlonda wogwira obera, ndipo akangoona Linux amatseka chitseko. Fortnite nayonso chimodzimodzi. Ine ndinalimbana ndi ya mpirayo mpaka tambala kulira, m'mawa ndinathirira galu wa abwana m'malo mwa maluwa. Mpira uzikasewera pabwalo, miyendo uli nayo.

Nthawi zina uzitsegula chiwindo chakuda n'kulemba mawu oyamba ndi sudo, makina n'kukufunsa pasiwedi. Ukamalemba sizioneka, usaswe mabatani, ndi mmene anapangira. Pasiwediyo ndi dzina la galu wathu wakale uja. Uchite zimenezi amayi atapita kothyola tiyi, chifukwa akaona zilembo zikuthamanga zokha pamdima, madzulo ake upeza abusa pakhonde.

Wina ku Limbuli akakuuza kuti akuikire Windows yakuba, umufunse ngati mavairasi ake azidzachotsa ulere.

Transipota akamabwerera umupatsire kalongonda ndi nandolo. Zinanazi ayi, zomaliza zija zinafika zitasanduka mowa.

Ndine mkulu wako,
wa ku Joni